Shedi ya amisiri ya ku Chitakale ndi mmene amaisamalira

Chakufupi ndi msika wa Chitakale, m'boma la Mulanje, kuli shedi imene akalipentala, atelala ndi okonza njinga amagwiriramo ntchito limodzi, aliyense akumapereka kangachepe pakutha pa mwezi. Inenso ndimapalira matabwa anga m'menemo. Shediyi si yaikulu, zipangizo zake ndi zapakatikati, koma ndikuiyamikira chifukwa cha mmene mamembala amagawanirana ntchito yoisamalira.

Sanalembe munthu woti azisesa. Mayina onse ali pa ndandanda imene amaimata kuseri kwa chitseko, ndipo amene tsiku lake lakwana amatsala madzulo kuti asese utuchi, apukute makina osokera, awerenge zipangizo ndi kuzibwezera m'bokosi, kenako asaine mu kaundula asanapereke makiyi kwa mlembi. Utuchi sautaya. Amauthira m'matumba n'kugulitsa kwa oweta nkhuku, ndalama yake n'kugulira matsache, sopo ndi mafuta a makina. Atelala ndiwo amaumirira kwambiri pa kusesaku, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa fumbi la matabwa likalowa mu makina kapena kugwera pa yunifolomu ya mwana wa sukulu imene yangosokedwa kumene, mwini wake wa ntchito ndiye amayankha kwa kasitomala.

Phindu la dongosololi limaoneka bwino nyengo ya chiperoni, kuyambira mwezi wa May mpaka August, pamene nkhungu imaphimba phiri la Mulanje ndipo mvula yowaza imatha masiku osaleka. Chinyontho chimenechi chimawononga zitsulo mwakachetechete: sowo imene yagona panja pa bokosi imadzuka ndi dzimbiri, ndipo thabwa la paini limene lasiyidwa pansi limafufuma n'kupindika, chiswe n'kuyamba kulilondola. Pa chifukwa ichi, wapantchito tsikulo amapaka mafuta pa zitsulo zonse ndi kuonetsetsa kuti matabwa asanjikidwa pa mitengo, osakhudza dothi. M'mashedi ena amene ndinagwiramo, ntchito yotereyi aliyense ankaiona ngati ya mnzake. Kuno ili ndi dzina la munthu, ndipo sowo ikapezeka ndi dzimbiri m'mawa, kaundula amanena yekha amene anatseka dzulo lake.

Loweruka loyamba la mwezi onse amayenera kufika ndi makasu kudzalambula ngalande ya kuseri kwa shediyi. Chichokereni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anasautsa kwambiri maboma a Mulanje ndi Phalombe, palibe amene amadikira kukumbutsidwa za ngalandeyo.

Chimene sindikondwera nacho ndi nkhani ya chimbudzi. Pa ndandanda chili pa dzina la aliyense, koma amisiri ena akuluakulu, tsiku lawo likafika, amatuma mnyamata amene akumuphunzitsa ntchito, ndipo mnyamatayo akasowa, amayi osoka ndiwo amatenga ndowa chifukwa sangapirire fungo. Nkhaniyi itadzutsidwa pa msonkhano, mayi wina anafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi dzina lili apali ndi lanu kapena la mwanayu?" Akomiti anavomera kuti ndi cholakwika, koma chindapusa chimene anagwirizana sachitolera kwa onse mofanana, ndipo izi zimawafooketsa amene amatsata lamulo. Kunola matchizulo nakonso sikunaikidwe pa ndandanda, kotero kuti nthawi zambiri umayamba wanola wekha usanagwire ntchito.

Mmisiri amene akungoyamba kumene ndipo alibe ndalama yochitira lendi malo akeake, shediyi imuyenera, bola akhale wokonzeka kugwira tsache. Asanalipire, apite Loweruka la ngalande lija akaone amene afika ndi amene atumiza nthumwi, apemphenso mlembi amuonetse kaundula wa miyezi ya chiperoni.