Ndemanga pa kakhola ka waya kosiyitsira thadzi kufungatira

Kakhola ka waya kamene ndikukamba pano ndinakagula kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo kuno ku Zomba, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, yomwe ndi kutsekeramo thadzi limene layamba kufungatira pa nthawi imene mwini wake sakufuna anapiye, kuti lisiye msanga ndi kuyambiranso kuikira. Ndakagwiritsa ntchito m'chilimwe ndi m'nyengo yachisanu yomwe, pa nkhuku zachikuda komanso pa za Mikolongwe, ndipo ndakhutira kuti kamagwiradi ntchito imene anakapangira. Komabe mmisiri anakasiya kosamalizika m'mbali zingapo, ndipo wogula ayenera kuzidziwa mbali zimenezo asanatulutse ndalama zake.

Amene amaweta nkhuku zochepa kuseri kwa nyumba pofuna mazira a pakhomo amalidziwa bwino vutoli. Thadzi lachikuda likaikira mazira 10 mpaka 15 limaleka, n'kukhazikika m'chisa usana ndi usiku. Limafufumitsa nthenga, limalira mwaukali munthu akayandikira, limajompha dzanja, ndipo limadzisosola nthenga za pachifuwa kuti khungu lake lofunda lizikhudza mazira. Zonsezi zimayamba ndi mphamvu ina ya m'thupi yotchedwa prolactin, imene ikachuluka imaimitsa kuikira ndi kuiumiriza nkhuku kukhala pamazira. Chovuta n'chakuti mphamvu imeneyi siyang'ana ngati mazirawo ali ndi mbewu ya tambala kapena ayi, ndiponso siyang'ana ngati m'chisamo mwatsala dzira n'limodzi lomwe. Thadzi limatha kufungatira chisa chopanda kanthu kwa masiku 21 amene dzira la nkhuku limatenga kuti liswe, mwinanso kupitirira pamenepo, likutuluka kamodzi kapena kawiri pa tsiku kukadya pang'ono ndi kumwa madzi. Pofika pamapeto limakhala litaonda kwambiri moti fupa la pachifuwa limamveka lakuthwa m'manja, ndipo pa nthawi yonseyo silinaikire dzira, komanso lakhala likutchingira anzake chisa chimene onse amakonda kuikiramo.

Kakholaka n'kotalika masentimita pafupifupi 60, ndipo m'lifupi ndi msinkhu wake ndi masentimita pafupifupi 45. Mafelemu ake ndi a zitsulo zowotcherera, mbali zonse ndi za waya, ndipo kali ndi miyendo inayi imene imakakweza pamwamba pa nthaka ngati kutalika kwa njerwa ziwiri zosanjikiza. Chofunika kwambiri pa zonse ndi pansi pake, pamene mmisiri anaikapo waya wolimba wa timabowo ting'onoting'ono. Waya ameneyu ndiye amachita ntchito yeniyeni. Thadzi lofungatira limafuna malo amdima, ofewa ndi ofunda, pamene lingasunge kutentha pansi pa mimba yake, ndipo likakhala pawaya wokwezeka mphepo imadutsa pansi pake nthawi zonse n'kumaliziziritsa pachifuwa pososoledwa nthenga paja. Kuwala kukamalizungulira mbali zonse, popanda udzu kapena utuchi woti liunjike ngati chisa, chilakolako chofungatira chimayamba kuzirala chokha. Pa mfundo imeneyi mmisiri anachita bwino posankha waya wa timabowo tating'ono, chifukwa waya wa mabowo aakulu, monga uja timatchingira dimba, umapweteka mapazi ndipo zala za nkhuku zimakodwamo.

Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta. Ndimalichotsa thadzi m'chisa ndikangotsimikiza kuti layambadi kufungatira, ndipo chizindikiro chimene ndimachidalira kwambiri n'chakuti lagona m'chisa usiku m'malo mokwera pamtanda ndi anzake. Ndimaliika m'kakhola pamodzi ndi madzi oyera ndi chakudya chabwino, osati madeya okhaokha, chifukwa limafunika kubwezeretsa thupi kuti liyambirenso kuikira. Kakholako ndimakaika pamthunzi pamene pakuwala bwino ndiponso pamene nkhuku zinzake zimadutsadutsa, kuti likadzatuluka zisadzalione ngati lachilendo n'kuyamba kulijompha. Tsiku loyamba limakhala lovuta kuliona, chifukwa thadzi limazungulirazungulira, kulira ndi kuyesa kutulukira m'makona, koma pofika mawa lake limayamba kudya ndi mtima wonse ndi kudzikonza nthenga, zomwe zimasonyeza kuti zinthu zikusintha.

Zotsatira zake zimasiyana malinga ndi mtundu wa nkhuku komanso msanga umene mwini wachitira. Nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo zinachokera ku Australia, sizichedwa kusiya, ndipo kawirikawiri masiku 3 amakwana. Zachikuda n'zamakani kwambiri pa nkhani yofungatira, ndipo zina zimafuna pafupifupi sabata yathunthu, makamaka ngati zinali zitakhala kale m'chisa masiku angapo zisanatsekeredwe. Ndaona mobwerezabwereza kuti thadzi lotsekeredwa litangoyamba kumene limasiya msanga kuposa limene lazolowera kale chisa, choncho kakholaka kamapindulitsa munthu amene amayang'ana nkhuku zake madzulo aliwonse. Pofuna kudziwa ngati lasiya, ndimalitulutsa m'mawa n'kuliyang'anitsitsa. Likapita kukasamba m'fumbi n'kuyamba kupalasa ndi anzake, ndiye kuti nkhani yatha, koma likathamangira kuchisa likulira mwachifungatiro muja, ndimalibwezera m'kakhola. Kuikira sikuyamba tsiku lomwelo, ndipo wogula asayembekezere zimenezo, chifukwa thupi limafuna sabata imodzi kapena awiri, nthawi zina kuposerapo, kuti liyambenso kupanga mazira. Ngakhale zili choncho, nthawi imeneyi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi masabata ambiri amene amatayika thadzi likasiyidwa kuti lifungatire mpaka litatopa lokha.

Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti njira imeneyi siizunza nkhuku. Ambiri a ife tinakula tikuona thadzi lofungatira likuviikidwa m'chidebe cha madzi ozizira, likumangidwa mwendo pamtengo, likuvundikiridwa ndi dengu popanda chakudya, kapena likulowetsedwa nthenga m'mphuno. Nzeru imene ili m'njira yoviika m'madzi ndi yoona ndithu, chifukwa cholinga chake n'kuziziritsa pachifuwa, koma kuzizirako kumatha nthenga zikangouma, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhuku yonyowa, yomwe ndi yoonda kale, imatha kudwala. Kuvundikira ndi dengu kumaipatsa nkhuku mdima womwewo umene ikufuna, ndipo imangofungatira dothi pansi pa dengupo. Kuimana chakudya ndiye koipa kwambiri, popeza ndi kuwonjezera njala pa chiweto chimene chakhala chikudzimana kale. Nthenga ya m'mphuno ndimaikana kotheratu, chifukwa ndi ululu wopanda chifukwa. Kakhola ka waya kamachita zimene njira zonsezi zimafuna kuchita, koma nkhuku ikudya, ikumwa ndiponso ikuona zinzake.

Tsopano ndinene zimene sizinandisangalatse, ndipo choyamba ndi denga. Pamwamba pa kakholaka pali waya yekha, popanda lata kapena chilichonse chotchinga dzuwa ndi mvula. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa pochita wefuwefu ndi kutambasula mapiko, ndipo ikatsekeredwa pamalo pamene singathawire pamthunzi m'mwezi wa Okutobala imatha kufa ndi kutentha m'maola ochepa. Mthunzi wa mtengo umasuntha dzuwa likamayenda, choncho malo amene anali abwino m'mawa amatha kukhala padzuwa lamphamvu masana, mwini wake ali kuntchito. Ndinamangirira kachidutswa ka lata pamwamba, kotulukira pang'ono mbali zonse, koma ichi chinayenera kukhalapo kuyambira pachiyambi, chifukwa ndi nkhani ya moyo wa chiweto.

Chachiwiri ndi nsonga za waya. M'mphepete mwa chitseko ndi m'makona mmisiri anadula waya n'kusiya nsonga zake zili chiimire, ndipo popeza thadzi limalowetsa mutu m'makona pa tsiku loyamba lija, nsonga zoterozo zikhoza kulicheka kumaso kapena kulibaya m'diso. Ndinazipinda ndi pulayala imodziimodzi ndisanaikemo nkhuku, ndipo ndi ntchito imene inanditengera nthawi ndithu. Chotsekera cha chitseko nachonso n'chofooka, ndi kawaya kongokoweka, kamene galu wofunitsitsa akhoza kukakankha ndi mphuno. Pa chifukwa chimenechi sindilola kuti kakholaka kagone panja. Madzulo ndimakalowetsa m'khola lalikulu kapena m'chipinda chosungira katundu, chifukwa waya wake sungaletse galu, vumbwe kapena munthu wakuba, ndipo nkhuku yotsekeredwa ilibe kothawira. Mwamwayi n'kopepuka ndipo kali ndi chogwirira pamwamba, moti ngakhale mwana wa sukulu amatha kukanyamula.

Mulibenso malo okolekapo zodyera ndi zomwera. Mbale ikangoikidwa pawaya, thadzi limaiponda n'kutaya madzi onse, ndipo limatha kukhala tsiku lonse ndi ludzu. Ndinadula mabotolo awiri apulasitiki n'kuwamangirira kuwaya wa m'mbali pa msinkhu wa chifuwa cha nkhuku, ndipo vutolo linatha. Utoto umene anapaka zitsulo ndi wochepa, moti dzimbiri linayamba kuonekera m'malo owotcherera mvula yoyamba itangodutsa, makamaka kumiyendo.

Pa nkhani ya ukhondo ndiye kamandikhutiritsa kwambiri. Zitosi za nkhuku yofungatira zimakhala zazikulu ndi zonunkha chifukwa imazisunga nthawi yaitali, koma pano zambiri zimagwera pansi kudzera m'mabowo a waya, ndipo ndimangoyala thumba lakale pansi pake n'kukataya kumunda wa ndiwo. Chinanso chimene sindinkachiyembekezera n'chakuti kakholaka kamathandiza polimbana ndi utitiri. Chisa chimene thadzi lakhalamo nthawi yaitali chimadzaza tizilombo timeneti, timene timabisala m'ming'alu ya matabwa ndi m'udzu n'kumayamwa magazi usiku, ndipo nkhuku yongokhala malo amodzi ndiyo imavutika nato kwambiri. Thadzi likakhala m'kakhola, ndimapeza mpata wotentha udzu wakale wa m'chisa, kutsuka chisacho ndi kuthiramo phulusa ndisanayale udzu watsopano. Chitsulo ndi waya zilibe ming'alu yambiri yobisalamo tizilombo, ndipo madzi otentha ndi sopo zimakwana kukayeretsa. Ndimachita zimenezi nthawi zonse ndisanaikemo nkhuku ina. Ndiwonjezere kuti kakholaka sikoyenera kukasandutsa chipatala cha nkhuku zodwala n'kumakabwezeranso kwa zosadwala popanda kukatsuka bwino, makamaka m'miyezi yotentha pamene chitopa chimafala, ndipo kukhala nako sikuchotsa udindo wopereka katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wodontheza m'diso uja, miyezi inayi iliyonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna wogula achiganizire mofatsa, chifukwa kukhala ndi kakhola kotere kumabweretsa chizolowezi chotsekera thadzi lililonse limene lafungatira. Kufungatira si matenda, ndipo kwa ife amene tilibe makina oswetsera mazira, kapena amene magetsi amatithimira kawirikawiri, thadzi lachikuda lodziwa kufungatira ndi kulera ndi chuma chenicheni. Nkhuku za mazira za m'mafamu akuluakulu zinasankhidwa dala kwa zaka zambiri kuti zisamafungatire, choncho sizingatiswere anapiye. Ine ndimasankha mathadzi awiri amene amakhala bwino pamazira ndiponso amateteza anapiye kwa akabawi ndi akhwangwala, ndipo amenewo ndimawalola kufungatira pa nthawi imene ndakonzeka. Ndimawaikira mazira osapitirira 10 kapena 12 malinga ndi kukula kwa thupi, onse tsiku limodzi, ndimawalemba chizindikiro ndi pensulo kuti ndizichotsa amene anzawo aikirapo pambuyo pake, ndipo pakatha sabata imodzi ndimawaunika ndi tochi usiku n'kuchotsa opanda mwana asanasukuse. Thadzi lomwelo limatha kuswa mazira a nkhanga, amene amatenga masiku 26 mpaka 28. Mathadzi otsalawo ndiwo amalowa m'kakhola, pamodzi ndi lililonse limene layambanso kufungatira lisanabwezeretse thupi kuchokera pa kulera kwapitako, chifukwa kulilola kukhalanso pamazira masabata ena atatu n'kuliika pachiswe.

Mtengo wake unali wofanana ndi wa atambala awiri akuluakulu achikuda pamsika pa nthawi imene ndinkagula, ndipo ndikawerengera mazira amene ndikanataya, ndikuona kuti ndalamayo inabwerera. Amene ali ndi nkhuku ziwiri kapena zitatu zokha, zimenenso amaziwetera anapiye, alibe chifukwa chokagulira. Amene ali ndi mathadzi oposa 10 apeza kuti kamodzi sikakwana, popeza limodzi likayamba kufungatira ena amatsatira, ndipo mkati mwake simukwana nkhuku ziwiri popanda kumenyana. Ndikanati ndipereke mapointi, ndikanakapatsa 4 pa 5, ndipo imodzi yachotsedwayo ndi ya denga ndi nsonga za waya. Amene akukapangitsa kwa mmisiri wa kwawo amuuze asanayambe ntchito kuti aike lata pamwamba, apinde nsonga zonse, awotcherere chotsekera cholimba chotheka kuikapo loko, aike zokolekapo zomwera ndi zodyera m'mbali, ndipo apake utoto woletsa dzimbiri asanapake wamtundu, ngakhale mtengo utakwerako pang'ono.