Chamba ngati mankhwala: kusuta kapena mafuta?

Wodwala akasuta, THC (chinthu choledzeretsa cha m'chamba) imadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi, ndipo amamva mphamvu yake patangopita mphindi zochepa. Koma pakatha maola awiri kapena atatu yazilala, chatsala n'chifuwa. Nanga ndudu yopichira wekha, mlingo wake ungaudziwe bwanji?

Mafuta omeza amachedwa, mwina mpaka maola awiri, poti amadzera kaye kuchiwindi. Osaleza mtima amawonjezera msanga, n'kupezeka amwa mopyola. Komabe mphamvu yake imafika maola 6, ndipo dokotala amatha kuyeza mlingo. Epidiolex, mankhwala amafuta okhala ndi CBD (chinthu china cha m'chamba chosaledzeretsa), adavomerezedwa ku America mu 2018 pa matenda a khunyu osamva mankhwala ena. Ine ndingatenge mafuta, osati kusuta.

Kuno ku Malawi lamulo la 2020 lidalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale. Wosuta mongosangalala apolisi amamunjatabe.