Opaleshoni yochepetsa chifu: mmene zinthu zilili patapita chaka ndi theka

Anandichita opaleshoni ya gastric bypass chifukwa ndinali wonenepa kwambiri, BMI yanga (muyezo woyerekezera kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake) itapitirira 40, komanso matenda a shuga anali atakanika ngakhale kuti ndinkadzibaya insulin tsiku lililonse. Pa opaleshoniyi madokotala amadula chifu n'kusiya kathumba kakang'ono, ndipo amakalumikiza ku matumbo aang'ono kuti chakudya chizilambalala mbali yaikulu ya chifu ndi chiyambi cha matumbowo.

Shuga ndiye anayamba kusintha, thupi lisanatsike n'komwe. Pasanathe milungu yambiri adokotala anachepetsa insulin, kenako anandisiyitsa, ndipo anafotokoza kuti chakudya chikamafika msanga kumunsi kwa matumbo, thupi limatulutsa timadzi tambiri ta GLP-1 tomwe timathandiza kapamba kutulutsa insulin. Kuyezetsa kwa HbA1c, komwe kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu, kwakhala kukusonyeza kuti ndili pansi pa 6.5 peresenti, omwe ndi malire a matenda a shuga, popanda mankhwala. Mawondo anasiya kupweteka, ndipo tulo ndikugona bwino. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Koma mtengo wake umalipiridwa pa chakudya chilichonse. Ndimadya pang'ono kwambiri, ndimayamba ndi zakudya zomanga thupi, ndimatafuna mpaka zitasalala, ndipo madzi sindimwera pamodzi ndi chakudya, chifukwa kathumbako sikangalandire zonse nthawi imodzi. Ndikadya chinthu chotsekemera kwambiri, posakhalitsa mtima umagunda mothamanga, thukuta limatuluka, chizungulire chimandigwira, nthawi zina mpaka kutsegula m'mimba. Vutoli madokotala amalitcha dumping syndrome. Ena amati n'lothandiza poti limaletsa munthu kudya zotsekemera, koma amene linamugwirapo ali pakati pa anthu sangalitame choncho. Tsitsi linathothoka m'miyezi yoyambirira kenako linameranso, pomwe khungu lolendewera pamimba ndi m'mikono silinabwerere.

Chimene ndikuona kuti anthu sachilabadira mokwanira ndi nkhani ya mavitamini. Popeza chakudya chimalambalala malo amene thupi limayamwira ayironi ndi kashiamu wambiri, ndiponso vitamini B12 salowa bwino m'thupi, munthu ayenera kumwa mapiritsi owonjezera moyo wake wonse ndi kuyezetsa magazi kawirikawiri. Wonyalanyaza akhoza kuchepa magazi, kufooka mafupa kapena kuwonongeka mitsempha, ndipo zimenezi zimabwera mwakachetechete. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen anandiletsa chifukwa angayambitse zilonda pamene analumikiza kathumbako ndi matumbo.

Miyezi yapitayi sikelo yaima, ndipo njala yayamba kubwerera pang'onopang'ono, monga mmene anandichenjezera. Ndikanafunsidwa lero, ndikanavomeranso opaleshoniyi, koma ndingailimbikitse kwa munthu yekhayo amene angakwanitse kupitabe kuchipatala ndi kupeza mavitaminiwo chaka ndi chaka. Adokotala sanandiuze kuti ndachira, chifukwa mwa anthu ena shuga amabweranso pakapita zaka, makamaka amene anadwala nthawi yaitali asanachitidwe opaleshoni, ndipo ine ndili m'gulu limenelo. N'chifukwa chake kamakina koyezera shuga sindinakataye, ndipo tsiku lokayezetsanso HbA1c linalembedwa kale.