Ndemanga ya Elden Ring: mmene ma stats amayendetsera mphamvu ya chida

Nyenyezi 4 mwa 5.

Gemu ya Elden Ring ndaisewera mpaka kumapeto, kenako ndinaiyambanso ndi munthu wa mtundu wina. Za kukongola kwa dziko la Lands Between ndi ukali wa ma boss ake, adani akuluakulu a m'gemumo, anthu anakamba kale kuyambira pomwe gemuyi inatuluka mu February 2022, ndiye sindibwereza. Ine ndikamba za mmene ma stats, manambala osonyeza mphamvu za munthu amene mukumusewera, amagwirizanirana ndi chida chili m'manja mwake, chifukwa apa ndi pamene ena amaikondera gemuyi ndipo ena amaisiyira panjira. A FromSoftware, amene anapanga gemuyi, anakonza masamu abwino kwambiri kuseri kwa lupanga lililonse. Vuto ndi loti gemuyo imangokuuzani pang'ono chabe za masamuwo, ndipo nyenyezi imodzi ndachotsera chimenecho.

Ma stats alipo 8. Vigor ndi moyo, Mind ndi mphamvu yochitira matsenga ndi maluso a chida, Endurance ndi mpweya komanso kulemera kwa katundu amene mungasenze. Atatu amenewa sawonjezera kupweteka kwa chida. Amene amalowa m'chida ndi Strength, Dexterity, Intelligence, Faith ndi Arcane, ndipo chida chilichonse chili ndi zilembo zosonyeza stat imene chimamvera: S, A, B, C, D kapena E. Chilembo S ndiye kumvera kwenikweni, E ndi kungolawa. Pamene palibe chilembo, ngakhale mukweze stat imeneyo mpaka 99, chidacho chimenya monga chimamenyera dzulo.

Mukatsegula tsamba la chida mumaona manambala awiri oyandikana, yachiwiriyo ili ndi chizindikiro chophatikizira. Yoyamba ndi mphamvu ya chidacho pachokha, yachiwiri ndi zomwe ma stats anu awonjezera. Chimene gemuyi sinena poyera ndi chakuti nambala yachiwiriyo imabadwa kuchokera ku yoyamba, ndi gawo lake. Chida chikakhala chosasulidwa, nambala yoyamba imakhala yaing'ono, ndiye Strength yanu yonse ikuchulukitsa kanthu kochepa. Mukapita nacho kwa Hewg, wosula zida wa ku Roundtable Hold, nambala yoyamba imakwera, yachiwiri imakwera nayo limodzi, ndipo pa zida zambiri chilembocho chimasuntha, D n'kukhala C, C n'kukhala B. Zida wamba zimasulidwa mpaka +25 ndi Smithing Stones, zida zapadera mpaka +10 ndi Somber Smithing Stones.

Ichi n'chifukwa chake kumayambiriro kwa gemu kusula chida kamodzi kumaposa ma level angapo oponyedwa mu Strength kapena Dexterity. Munthu amene wangoyamba angachite bwino kukweza ma stats omenyera mpaka pamene chida chake chikufuna basi, ma runes (ndalama za m'gemumo zimene mumakwezera level) otsala n'kumathira mu Vigor mpaka cha pa 40, kwinaku akusaka miyala m'migodi. Ndimaona anthu ambiri akudandaula kuti gemuyi ndi yankhanza, koma ukayang'ana bwino upeza ali ndi Strength 40, Vigor 15, lupanga la +2. Munthu wotero boss amangomukhudza kawiri, nkhani yatha.

Za zofunika pa chida ndiye gemuyi siseka. Mukagwira chida chimene ma stats anu sanakwane, mphamvu yake imadulidwa ndi 40 pa 100 iliyonse, ndipo nambala yachiwiri ija imasanduka yofiira ndi chizindikiro chochotsera. Koma pali khomo lakumbuyo limene ndimalikonda kwambiri: kugwira chida ndi manja awiri kumachulukitsa Strength yanu ndi 1.5. Chilupanga chotchedwa Greatsword chimafuna Strength 31, koma ndi manja awiri 21 yakwana. Chinyundo cha Giant-Crusher chimafuna 60, ndi manja awiri 40 basi. Ndipo kuchulukitsako kumalowanso m'kupweteka kwa chida, osati pa kuchinyamula pokha. Mtengo wake ndi chishango, chimene chimapita kumsana. Kusinthana kotereku n'komveka, ndipo munthu umakumva m'zala zako pomenyana.

Pamene ndakhumudwa ndi pa malire obisika. Mfundo iliyonse imene mwaika mu stat siibweza mofanana. Pa Strength ndi Dexterity phindu limayenda bwino mpaka cha pa 60, limachepa mpaka 80, ndipo kupyola 80 kuli ngati kutunga madzi ndi lichero, pomwe mtengo wa level iliyonse ukungokwera. Kwa wogwira ndi manja awiri malirewo amafika msanga: Strength 54 imawerengedwa ngati 81, ndiye mwafika kale. Vigor nayo ili ndi malire ake pa 40 ndi pa 60. Zonsezi palibe pamene zinalembedwa m'gemumo. Chimene chimathandiza ndi chakuti pokweza level manambala amasintha pamaso panu musanavomereze, ndiye wochenjera amayesa kaye stat iyi, ayese iyo, aone pamene pakukwera kwambiri. Koma kuti mudziwe zomwe zikukudikirani ma level makumi awiri kutsogolo, muyenera kukafufuza pa intaneti.

Zilembo zija nazo zimabisa zambiri. Kuseri kwa chilembo kuli nambala, ndipo osewera amene anafukula manambala a gemuyi anapeza kuti B amayambira pa 90 mpaka 139. Ndiye zida ziwiri zolembedwa B zikhoza kutalikirana kwambiri, pomwe C wapamwamba ndi B wapansi amasiyana kachidutswa. Komanso chida cha chilembo chotsika koma chokhala ndi mphamvu yaikulu pachokha chikhoza kuposa cha chilembo A. Kusankha chida poyang'ana chilembo chokha n'kudzinamiza. Akanangoonetsa nambalayo pambali pa chilembo, palibe chimene chikanawonongeka.

Gawo limene ndingalipatse nyenyezi zonse ndi la Ashes of War, maluso amene mumaika pa chida. Mukatola Whetstone Knife ku Gatefront Ruins, mumayamba kusintha luso la zida wamba pamalo opumira, kwaulere, kangati konse mungafune. Pamodzi ndi lusolo mumasankha khalidwe la chida, ndipo ma whetblade, zonolera zina zimene mumatola m'njira, amatsegula makhalidwe ambiri; Iron Whetblade ya ku Stormveil Castle imapereka Heavy, Keen ndi Quality. Heavy imachotsa Dexterity n'kukankhira zonse ku Strength. Keen imakokera ku Dexterity. Quality imagawa pakati, ndipo imakoma pokhapokha ma stats onse awiri atakwera ndithu, ndiye si ya munthu wa level yotsika. Makhalidwe amenewa amatsitsako nambala yoyamba kuti akweze chilembo, choncho ma stats akadali ochepa nthawi zina chida chosasinthidwa chimamenya bwino kuposa cha Heavy. Ubwino wake ndi woti lupanga limene mwalizolowera mukhoza kulisunga ngakhale mutasintha njira, kaya mwapita ku Faith kaya ku Intelligence. Zida zapadera zija za Somber Smithing Stones sizilola zimenezi, zimabwera ndi khalidwe lawo mpaka kalekale.

Chenjezo lina ndi pa zida zomenya mitundu iwiri nthawi imodzi, monga chitsulo ndi moto, kapena chitsulo ndi matsenga ngati Moonveil imene imafuna Intelligence 23. Mukaphatikiza manambala ake zimaoneka zoopsa, koma mtundu uliwonse umadutsa pa chitetezo cha mdani paokha, ndiye mdulidwe umachitika kawiri. Nthawi zambiri chida cha nambala yocheperapo koma ya mtundu umodzi chimapweteka kuposa. Komabe mdani ali ndi chofooka chake zinthu zimatembenuka: ma Erdtree Avatar amaopa moto, ma Crystalian amasweka ndi nyundo pomwe lupanga limangolira pa iwo, ndipo mafupa oyenda aja sadzukanso mukawamaliza ndi zida zina zopatulika. Nambala ya pa tsamba la chida siidziwa mdani amene muli naye.

Arcane ndiye yosokoneza kuposa onse. Anthu amamva kuti imafulumizitsa kukhetsa magazi, n'zoona, koma pa zida zokhazo zimene zili ndi chilembo cha Arcane. Uchigatana, lupanga limene munthu wa mtundu wa Samurai amayamba nalo, imakhetsa magazi mwachibadwa, koma Arcane yanu siithandiza kanthu mpaka mutaipatsa khalidwe la Blood kapena Occult. Rivers of Blood imabwera nacho kale chilembocho. Ndipo mukamenya mdani kangapo mpaka magazi kuphulika, amachotsa gawo la moyo wonse wa mdani, chinthu chimene sichioneka mu nambala ya mphamvu ya chida. Ndi chifukwa chake lupanga looneka lofooka pa tsamba limagwetsa ma boss akuluakulu mofulumira. Kwa ine magazi anapatsidwa mphamvu yopitirira, moti njira zina zimaoneka ngati kudzivutitsa dala.

Mukaona kuti ma stats anu sakugwirizana ndi chida chimene mwachikonda, si kuti zatha. Mukagonjetsa boss wotchedwa Rennala ku Raya Lucaria, iye amakulolani kugawanso mfundo zanu zonse pomupatsa Larval Tear imodzi. Ma Larval Tear ndi owerengeka pa ulendo umodzi wa gemu, koma alipo okwanira kwa munthu wosasinthasintha ngati mphepo.

Amene mukufuna kugulanso Shadow of the Erdtree, gawo lowonjezera la mu June 2024, dziwani kuti kumeneko ma stats anu ndi chida cha +25 sizikwanira pazokha. Kuli ma Scadutree Fragment amene amakweza kumenya kwanu ndi chitetezo chanu mpaka mlingo wa 20, ndipo amagwira ntchito m'dziko lakumeneko mokha. Ena zinawanyansa kuti munthu wa level yapamwamba afooke mwadzidzidzi. Ine ndinaziona bwino, chifukwa zimakukakamizani kuyenda n'kufufuza m'malo mothamangira boss.

Dandaulo langa lomaliza ndi la kuyesa zida zatsopano. Popeza kusula ndiko kumalamulira zonse, chida chimene mwangotola sichingapikisane ndi chimene mwasula mpaka +15, ndipo gemuyi sikuonetsani mmene chatsopanocho chidzakhalire mukachisula. Muyenera kuwononga miyala kaye kuti mudziwe. Zimapepuka mukapeza ma Miner's Bell Bearing n'kuwapereka kwa Twin Maiden Husks, ogulitsa zinthu ku Roundtable Hold, pamenepo miyala imagulika ndi ma runes. Loyamba lili mu Raya Lucaria Crystal Tunnel, ndipo ngati ndinu wokonda kulawa zida zosiyanasiyana, pitaniko msanga musanathere miyala yanu pa lupanga loyamba.