Ofesi yolondolera ndalama za akale a kumigodi ku Mzuzu

Pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu pali kaofesi kamene kamathandiza anthu omwe anagwirapo ntchito m'migodi ya ku South Africa kulondola ndalama zawo za penshoni ndi chipukuta misozi. Ndinaperekezako amalume anga a ku Nkhata Bay, omwe anapita ku Joni kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, boma la Malawi litatsegulanso njirayi mu 1977, litaitseka mu 1974 chifukwa cha ngozi ya ndege ya ku Francistown, m'dziko la Botswana, imene inapha Amalawi oposa 70.

Chovuta pa nkhani zimenezi n'chakuti zolembedwa zonse za ntchito ya munthu, monga mgodi umene anali ndi zaka zimene anakhalako, zimasungidwa kutsidyako ndipo sizilumikizana ndi kaundula wa unzika wa kuno kwathu. Apa ndi pamene ofesiyi inandigwira mtima. Mayi wa pa desiki anatenga khadi lakale la amalume, lofumbwa m'mbali ndi chinyezi, n'kulipendeketsa pazenera mpaka nambala ya ntchito yozimiririkayo inaoneka, kenaka anazindikira kuti dzina limene kalaliki wa kumgodi analemba likusiyana chilembo chimodzi ndi la pa chiphaso cha unzika. Modekha anawauza kuti, "Bambo, tisathamange, yambani mwakatenga kalata kwa amfumu yotsimikiza kuti mayina awiriwa ndi a munthu mmodzi." Akanatumiza mapepalawo mmene analili, nkhaniyo ikanatha kuima kwa nthawi yaitali popanda wotiuza chifukwa chake.

Sanatilonjeze za kumwamba. Anafotokoza kuti ndalama za Tshiamiso Trust, bungwe lopereka chipukuta misozi kwa akale a kumigodi, zochokera pa mgwirizano wa marandi 5 biliyoni umene khothi la ku South Africa linavomereza mu 2019, si za aliyense amene anapita ku Joni, koma za amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo kapena chifuwa chachikulu chifukwa chogwira ntchito m'migodi ya golide ya makampani asanu ndi limodzi pakati pa 1965 ndi 2019. Anatsindikanso kuti kulembetsa ku bungwelo n'kwaulere, ndipo ofesi yawoyo imangolipiritsa kutayipa, fotokope ndi kutumiza pa intaneti. Poona mmene anthu ena amadyera okalamba masuku pamutu pa nkhani yomweyi, chilungamo chimenechi ndachiyamikira kwambiri.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi chakuti mapepala akangotumizidwa, ofesiyi imasamba m'manja. Palibe buku lolembamo tsiku limene kalata inapita, palibe woimba foni kuuza mwini wake kuti yankho lafika, moti nkhalamba yochokera ku Mzimba kapena ku Rumphi imawononga ndalama za basi pongobwera kudzafunsa. Mayiko a SADC anagwirizana mu 2020 za mfundo zoti ndalama zoterezi zizitsatira mwini wake kwawo, koma pa desiki imeneyi zonse zikudalirabe chikumbumtima cha mayi mmodzi ndi kompyuta imodzi. Mitengo nayo sinamatidwe pakhoma, ndipo mipando ndi yochepa, kotero kuti ena amadikira chiimirire pakhonde ngakhale mvula yamawawa ikugwa.

Wopita kumeneko atenge khadi la kumgodi, chiphaso cha unzika ndi mapepala a kuchipatala, ndipo asachoke asanapatsidwe kope la chilichonse chimene chatumizidwa m'dzina lake.