Mandimu opanda njere: zimene ndinapeza pa nazale ina ya pa msewu wa ku Thyolo

Mwana wanga atabwera ndi mandimu anayi obiriwira kuchokera m'sitolo ina yayikulu m'tauni, ine mtima unali pa njere. Ndi chizolowezi changa: chipatso chikandikomera, njere zake ndimafesa kuseri kwa nyumba kuno ku Chilomoni. Ndinacheka loyamba, mulibe kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Onse anayi ndinawang'amba pakati, madzi ali chuchuchu pa thabwa, fungo litadzaza khitchini yonse, koma njere ngakhale imodzi osaoneka.

Mandimu amenewa ndi a mtundu wa Tahiti, ena amati Persian. Dzinali linabwera chifukwa anafika ku California kuchokera ku chilumba cha Tahiti m'zaka za m'ma 1800, ndipo lero amalimidwa kwambiri ku Mexico ndi ku Brazil. Maluwa ake sakhala ndi mungu wamphamvu, n'chifukwa chake njere sizipangika. Ndiye wofuna mtengo wake ayenera kupeza nthambi kwa munthu amene ali nawo kale, n'kumezanitsa pa mbande ya mandimu ena. Ndipo nthambi yopanda masamba siinena mtundu wake. Umangokhulupirira mawu a amene wakudulira, n'kudikira zaka ziwiri kapena zitatu kuti udziwe ngati ananena zoona.

Ogulitsa mbande m'mbali mwa misewu ya m'tauni ndinawafunsa angapo. Aliyense ankangoti, "Alipo mayi, si awa," akuloza mandimu wamba a minga. Amene anandilondolera ndi mayi mnzanga wa ku Mvano. Mumakwera minibasi ya ku Bvumbwe pa Limbe, n'kutsika mutapitirira Chigumula, kenako n'kuyenda pang'ono kanjira kafumbi kotsetsereka. Chikwangwani palibe. Pali mpanda wa udzu, machubu ali ndandanda pansi pa mthunzi, ndi bambo wachikulire amene zala zake zili ndi zipsera za mpeni.

Ulendo woyamba ndinapita mu Julaye, chiperoni chili mbuu, ndalama zili m'manja. Bambowo anakana kundigulitsa.

"Mayi, ndikakudulirani lero ndiye kuti ndakuberani," anatero. Anatenga mbande imodzi, n'kulasa khungwa ndi nsonga ya mpeni. Khungwalo linali litamatirira, likungothetheka. Anandifotokozera kuti nyengo yozizira mtengo umagona, ndipo diso, kaja kophukira pa nthambi kamene amamezanitsa pa mbande, silingalowe bwino pansi pa khungwa losasendeka. Anandifunsanso za mbande zanga. Ndinali nazo 8 za mandimu wamba aja a khungu lokakala, zomwe ndinafesa chaka chapitacho. Anati zimenezo ndiye tsinde labwino lomezanitsapo chifukwa mizu yake imapirira chilala, koma ndidikire zinenepe ngati pensulo, ndizithirire mokwanira kwa milungu iwiri, ndipo ndibwerere kukatentha. Ndinabwerera kunyumba chimanjamanja, nditataya ya minibasi, koma mtima uli m'malo. Munthu wobweza ndalama yomwe yabwera yokha pakhomo pake sapezekapezeka.

Ndinapitanso mu Okutobala, m'mamawa. Mitengo ya Tahiti ali nayo itatu. Woyamba anaulambalala osaukhudza n'komwe. Nditafunsa, anathyola tsamba n'kundionetsa: mbali ina yachikasu, mbali ina yobiriwira, mawangamawanga osafanana, ndipo pa masamba ena panali timatuza. Awa ndi matenda a greening. Amafalitsidwa ndi kachilombo kakang'ono kouluka koyamwa masamba anthete, ndipo ana ake ndi amene amasiya timatuzato. Mtundu wa matendawa umene tili nawo kuno ku Africa umakonda malo okwera ndi ozizira, ngati dera lomwelo la ku Bvumbwe. Alibe mankhwala. Choopsa kwambiri n'chakuti amayenda m'diso lomwe mwagulalo, monganso matenda a tristeza amene nsabwe za m'masamba zimafalitsa. Mukhoza kulowetsa nokha matenda pakhomo panu, mutalipira.

Apa ndiyamikire, komanso ndidandaule. Ndikuyamika kuti sanandibisire. Koma mtengo wodwalawo unali udakali chilili, pafupi ndi mitengo imene amadulako nthambi zogulitsa. Ndinawauza kuti, "Bambo, uwu si woyenera kuuzula?" Anayankha kuti ukuberekabe. Sindinakhutire nalo yankho limeneli, ndipo mpaka lero silinandikhutitse. Kuyang'ana ndi maso kuli ndi malire, chifukwa mtengo umatha kukhala ndi matenda masamba akuonekabe bwino. Chikalata chosonyeza kuti mitengo yawo inayezedwa alibe. Amene mukufuna kudzala munda wonse wa malonda, yambani mwakafunsa alangizi kapena ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe, komwe amachita za mitengo ya zipatso. Ine wanga unali wa kuseri kwa nyumba, ndinavomera. Ndipo za kutumiza m'bale kuti akubisireni nthambi m'chikwama kuchokera kunja, chonde musayese. Zomera zimafuna chilolezo pa chipata chifukwa cha matenda omwewa.

Pa mtengo wachitatu anasankha nthambi yobulungira, yokhwima pang'ono, osati yanthete ya ngodya zakuthwa. Masamba anadula onse n'kusiya timapesi tokha, kuti tikhale pogwirira. Mpeni anayamba auviika m'madzi a Jik. Kenako anakhala pa chidebe, mbande ili pakati pa mawondo, n'kundiuza kuti ndiyandikire.

Anayeza kutalika kwa chikhatho chotambasula kuchokera pa dothi. Anacheka khungwa motsika, n'kuchekanso mopingasa m'munsi mwake, ngati chilembo T chozondoka. Anati chozondokacho n'choti madzi a mvula asalowe m'bala. Khungwa linatseguka lokha, m'kati muli nyezinyezi, monyowa. Diso analisenga ndi kukoka kumodzi kokha kwa mpeni, kachidutswa kopyapyala kooneka ngati chikhadabo. Sanalikhudze kumimba. Analilowetsa chokweza m'mwamba mpaka linakhala thi, n'kukulunga ndi kachingwe ka pulasitiki kuyambira pansi. Zonsezi mphindi imodzi sinakwane. Kenako anandipatsa mpeni kuti ndiyese pa nthambi yotaya, kasanu konse, akundigwira dzanja pamene ndinkazamitsa kwambiri. Phunziroli sanalipiritse. Ndinalipira timitengo tiwiri ta maso basi, ndipo ndalama yake sinafike ya mbande imodzi yomezanitsa kale.

Timitengoto anatikulunga m'nyuzipepala yonyowa n'kuika m'jumbo. Anati ngati sindimezanitsa tsiku lomwelo ndisunge m'furiji, koma osati mouma madzi muja. Ndinamezanitsa madzulo omwewo, dzuwa litapepa. Tepi yake sagulitsa, choncho ndinadula timizere pa pepala la pulasitiki la shuga, ndipo tinagwira ntchito bwinobwino.

Patatha milungu itatu ndinamasula. Maso 5 anali obiriwira, timapesi tija tikugwa tokha ndikangokhudza. Atatu anali atada. Onse atatuwo anachokera pa kamtengo kachiwiri, komwe anadula mnyamata wowathandiza bambo aja atapita kukalandira alendo ena. Kanali kanthete, ndipo ndinakaona koma ndinachita manyazi kunena. Mukapita, onetsetsani kuti akudulirani ndi mwini wake. Foni yawonso sayankha kawirikawiri, ndipo mitengo ilibe zolembapo mayina. Zonse zili m'mutu mwa munthu mmodzi.

Ndinadula mitu ya mbande pamwamba pa diso kuti mphamvu ipite ku mphukira yatsopano. Imodzi inathyoka ndi mphepo ya mvula yoyamba chifukwa ndinachedwa kuimangirira ku kamtengo, ina inafa madzi atadikha pa dzenje mu Januwale. Itatu ilipo. Ntchito imene sinathe mpaka lero ndi yothothola mphukira zotuluka m'munsi mwa chilumikizano, chifukwa mandimu wamba ali ndi liwuma, mukangowalekerera amalanda mtengo wonse.

Chaka chino, chachitatu chimezanitsireni, mtengo wa pafupi ndi mpopi unabereka zipatso 11. Ndinathyola zikadali zobiriwira, poti zikachita chikasu zimayamba kuyoyoka. Loyamba ndinachekera pa thabwa lomwe lija, mwana wanga ataima pambali. Munalibe njere. Tinafinyira pa chambo chowotcha, ena ndinawatengera bambo aja Loweruka lotsatira. Mtengo wodwala uja ndinaupeza ukadali pomwepo, ndipo ndinawakumbutsanso.