Kelp wakumwa, kelp wopaka ndi mafuta a nsatsi: ndalama zanga zimapita pati

Poti ndimakhala ku Cape Town, anzanga akumudzi amayesa kelp ndimangotola pakhomo. Moni wa pa WhatsApp akangotha, pempho ndi lomwelo: "Asisi, pobwera mutitengereko, akuti amameretsa tsitsi." Ndiyankhiretu onse pano.

Kelp alipodi wambiri kuno. Ndi ndere zitalizitali zofiirira za m'madzi ozizira a nyanja yamchere, ndipo ku Kommetjie, gombe lina la kuno ku Cape Town, mafunde akakula zimaunjikana pamchenga n'kumanunkha. M'nyanja ya Malawi simungazipeze.

Wopaka, uja amamuthira mu shampu ndi m'mafuta odzola m'mutu, ndilibe naye mlandu. Ndere zimenezi zili ndi zinthu zoterera, choncho tsitsi limafewa ndipo chipeso chimadutsa osalidula. Ntchito yake yathera pomwepo. Tsitsi lomwe latuluka kale pakhungu ndi lakufa, silidya chilichonse, kaya botolo likhale lokongola bwanji.

Mlandu wanga uli pa mapilisi. Ogulitsa amati kelp ali ndi ayodini, ayodini amathandiza chithokomiro, chithokomiro chikamayenda bwino tsitsi limakula. Zonsezo n'zoona, koma amasiyira panjira. Munthu wamkulu amafunika ma microgram 150 a ayodini patsiku (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), pamene mitundu ina ya kelp imaposa ma microgram 1,000 mu galamu imodzi yokha, ndipo mlingowo umasiyana malinga ndi mtundu wa ndere ndi komwe zakololedwa. Ku America akatswiri a zakudya anaika malire oti munthu asapitirire ma microgram 1,100 patsiku, ku Ulaya pa 600. Ayodini akachuluka amasokoneza chithokomiro chomwecho, mwina chizithamanga, mwina chifooke, ndipo konse kuwiri tsitsi limathothoka. Kuwonjezera apo, mchere wa m'sitolo ku Malawi ndi kuno ku South Africa umathiridwa ayodini mwalamulo, ndiye ambiri a ife timamulandira kale m'ndiwo.

Mng'ono wanga anagula mapilisiwa kwa mayi wina wogulitsa pa intaneti, botolo lolembedwa "natural" koma osalemba kuchuluka kwa ayodini pa pilisi iliyonse. Patapita miyezi anayamba kugunda mtima ali chikhalire, thukuta usiku, manja kunjenjemera, tulo osabwera. Tsitsi m'malo momera linayamba kutsalira pachipeso. Ndalama yoonana ndi dokotala, yoyezetsa magazi a chithokomiro, kenaka yokayezetsanso atasiya mapilisiwo, yonseyo ndinalipira ine, ndipo inaposa mtengo wa mabotolo onse amene anamwa. Mtengo umenewu wogulitsa sautchula. Titamuuza mayi uja anangoti "thupi likutulutsa zoipa, apitirize." Mpaka lero ndikaona chithunzi cha mayi wogulitsayo cha tsitsi lofika m'mapewa, mtima umandiwawa.

Nsatsi ndimazikondera, sindibisa. Agogo ankakazinga njere, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta pamwamba, ndipo Jamaican Black Castor Oil amene akudula m'masitolomu amapangidwa mwanjira yomweyo. Nawo umboni woti amameretsa tsitsi palibe. Chomwe amachita n'kusunga chinyezi kuti tsitsi lisamaduke msanga, ndipo botolo limodzi limakhalitsa chifukwa ndi olemera, pang'ono pokha akwana. Fungo lake si la aliyense, ndipo njere zake ndi poizoni, musazisiye pomwe ana afika.

Pa liwiro onse atatu, kelp wakumwa, kelp wopaka ndi mafuta a nsatsi, ndi ofanana: tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, mupake musapake.

Ndipo ambiri ondipempha kelp ndikawayang'ana pa chithunzi, tsitsi lawathera pamphumi ndi m'mbali mwa makutu. Ameneyo si ayodini, ndi meshi yomangitsa ndi malukidwe okoka mpaka nsidze kukwera. Ena angobereka kumene, ndipo kuthothoka kobwera pakapita miyezi itatu kapena inayi mwana atabadwa kumatha kokha. Ena ndi magazi ochepa, omwe amafuna kuyezetsa kuchipatala ndi mbale ya nyemba, bonongwe, usipa kapena chiwindi.

Choncho mu Disembala m'chikwama changa mukhala shampu wa kelp kwa amene akumufunitsitsa, koma apereke ndalama yake. Nsatsi muli nazo kale kuseri kwa nyumba. Mapilisi sindinyamulira munthu, makamaka woyembekezera, woyamwitsa kapena amene kwawo kuli matenda a chithokomiro.